Ajenti Anafuna Kuti Ndikupheni, Achimwene

Achimwene anga okondedwa,

Ndiyambe ndi moni, kwa inu, kwa alamu anga ndi kwa ana. Muli bwanji kumeneko? Msana uja munkadandaula nawo unasiya, kapena mukungokwera nawo makwerero monga mwa khalidwe lanu? Kuno tilipo. Amayi miyendo imawatupa akakhalitsa pampando, koma akudya, akuseka, ndiponso akutikalipira tsiku lililonse, choncho musade nkhawa. Alamu anu ali bwino. Kamtsikana kanga kaja munakasiya kakukwawa, lero kakuvala nsapato zanga kopanda kupempha.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala, pamene tinazolowera timauthenga ta pa foni. Ndayesapo kukuimbirani, koma mukangoyankha ndimayamba kufunsa za sukulu ya ana. Nkhaniyi ndi yaitali, ndipo ndikufuna muimve yonse musanandidule mawu. M'phukusi lomweli muli mulu wa mapepala omangidwa ndi mphira. Musawamasule kaye. Muyambe mwamaliza kalatayi.

Ndinalemba buku, achimwene. Musaseke.

Ndinaliyamba abambo atangoikidwa m'manda. Ndinkalembera kuntchito, pa tebulo lolandirira odwala ku chipatala cha mano kuja. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akatuluka, ine ndinkatsala ndi kompyuta. Kuseri kwa khoma kachipangizo koboolera mano kakulira, munthu akubuula, ine ndili kalikiliki kulemba za dalaivala wa thiraki amene maso ake anazima ndi matenda a shuga. Mayina ndinasintha, koma wotidziwa sangasochere. Muli abambo, muli amayi, muli ine. Mulinso inu: mwana wamwamuna wokonda kujambula, amene anakangana ndi bambo ake chifukwa chokana kugwira chiwongolero, n'kunyamula chikwama chake, osabweranso.

Nditamaliza ndinayamba kufunsafunsa kuti buku limafika bwanji m'masitolo. Anthu anandiuza kuti makampani akuluakulu osindikiza mabuku sawerenga zolemba za munthu wongogogoda pakhomo. Pamafunika ajenti. Osati ajenti otumizitsa ndalama pa foni aja ayi. Uyu ndi munthu amene amatenga buku lako n'kukalitsatsa kwa osindikiza, likagulidwa iye n'kudyapo gawo lake. Ndiye kuti usanapeze wosindikiza uyambe wapeza ajenti, ndipo kuti ajenti akuyang'ane, uyenera kudzichemerera wekha mpaka uchite manyazi.

Ndinadzichemerera. Ndinatumiza maimelo kwa aliyense amene ndinapeza adiresi yake. Wina ankafuna masamba oyambirira okha, wina ankafuna buku lonse ndilifinye likwane tsamba limodzi, wina ankafuna ndimuuze anthu angati amanditsatira pa intaneti. Ndikanamuuza zoona, ndi alamu anu ndi azimayi a kwaya basi.

Ambiri sanayankhe n'komwe. Amene anayankha, mawu awo ankafanana ngati anakhala benchi imodzi kusukulu: akuti buku ndi labwino, koma silinawagwire mtima mokwanira.

Kudikira kumeneko kunandisandutsa munthu wina. Foni ndinkaibisa m'dirowa, koma dzanja linkangopita lokha. Ikanjenjemera, ndinkaithamangira, ndikayang'ana ndi uthenga wotsatsa malonda. Tsiku lina ndinaitana odwala awiri pa nthawi imodzi, onse atagwira masaya, akuyang'anizana ngati nkhuku zachilendo. Adokotala anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Ndikaweruka sindinkakwera basi, chifukwa kukhala pansi kunkandikanika. Ndinkayenda wapansi mpaka kunyumba, ndikafika n'kuyamba kusuntha mipando. Alamu anu anati ngati foniyo ndaikonda chonchi, ndiiuze ilipire lendi.

Kenaka mmodzi anayankha mosiyana. Mayi wina wake, ajenti wodziwika ndithu. Anati wawerenga buku lonse ndipo akufuna tilankhulane pa vidiyo.

Ndinakalankhulira m'kachipinda kosungira katundu, nditakhala pa katoni ya magolovesi, thonje lili mbali zonse. Iye kumbuyo kwake kunali khoma lodzaza mabuku, magalasi atawakweza pamutu. Anandiuza kuti analira pa mutu uja abambo akudzimeta ndevu osaona, akukana kuti amayi awathandize. Achimwene, munthu wachilendo, wakutali, kulira chifukwa cha abambo athu! Anati bukulo alitenga, bola tikonze zina ndi zina.

Ndisamunamizire, zoyambazo anandithandiza. Anandionetsa kuti mutu woyamba ndinkazungulira ngati munthu wosochera mumsika. Anandichotsetsa masamba ambiri amene ndinkawakonda, ndipo atachoka buku linayamba kupuma bwino. Ndinaphunzira zambiri kwa mayi ameneyu.

Vuto linabwera pa mathero. M'buku langa, monga zinachitikira, mwana wamwamuna uja sabwera. Bambo amamwalira, mwanayo ali kutali akupenta makoma a anthu. Ajenti anati wowerenga sangayende nafe ulendo wonsewo kuti pamapeto tingomusiya m'malere. Anati pali njira ziwiri: mwanayo abwere adzagwade pambali pa bedi la bambo ake, kapena afere panjira akubwera. Anawonjezera kuti iye angakonde afe, chifukwa buku lotero anthu amauzana.

Ndinamuuza kuti munthuyo sanabwere ndipo sanafe, ali moyo, ali ndi ana. Anaseka mwaulemu n'kunena kuti ili ndi buku la nkhani yopeka, si umboni wa kukhoti.

Ndinakuphani, achimwene. Ndinakukwezani basi, ndinagwetsa mvula, ndinaika thiraki yopanda magetsi pakona. Ndinalemba mmene anabweretsera chikwama chanu kunyumba, muli mapensulo othyoka. Ndinalemba bwino kwambiri, ndicho chimene chinandiopsa. Ajenti atawerenga anayankha tsiku lomwelo kuti tsopano tili ndi buku.

Sabata yomweyo munaimba foni. Mwina mukukumbuka. Munkaseka, mukufotokoza za mwana wanu wamng'ono amene anameza dzino lake n'kumalira kuti limera m'mimba. Ine ndinalephera kugwira foni. Ndinawapatsira amayi, n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Munafunsa kuti kodi mlongo wanga wakwiya, amayi anati ayi, masiku ano amangozungulira ngati wataya singano.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma ajenti anabweranso. Anati popeza mwanayo akufa, kuchoka kwake pakhomo kukhale ndi chifukwa cholemera. Mkangano wa chiwongolero ndi pensulo ndi wopepuka. Bamboyo akhale woledzera, azimenya mkazi ndi ana, kuti wowerenga amvetse.

Abambo athu amene sanalawepo mowa! Abambo amene akakwiya ankangokhala chete, chete wake woti ngakhale supuni umaiika pang'onopang'ono. Inu mukudziwa kuposa ine kuti chete ameneyo ankapweteka bwanji. Koma dzanja sanakwezepo.

Ndinayesa, ndisabise. Ndinalemba theka la tsamba, abambo akulowa m'nyumba akudzandira. Nditafika poti akweze dzanja, ndinaimirira, ndinatuluka panja, ndinazungulira mdadada wonse wa masitolo dzuwa lili pamutu, yunifolomu ili nyowe ndi thukuta. Nditabwerera ndinafufuta zonse. Ndinamulembera ajenti kuti za mowazo sindingathe, ndiponso mchimwene wanga ndikumudzutsa, abwerere kukapenta makoma ake.

Anayankha mofatsa. Anati akumvetsa, koma buku lotero iye sangathe kuligulitsa kwa makampani amene amagwira nawo ntchito, ndipo akundifunira zabwino zonse. Sindikumuda. Msika wake amaudziwa. Mwina n'zoona kuti mukanafa, bukuli likanafika kutali.

Masiku otsatira ndinali wosagwirika. Kudya osamva kukoma, kukhala osakhazikika. Alamu anu anapirira, kenaka tsiku lina akutsuka zitsulo zawo zokonzera mafiriji pakhonde, anati iwo makampani atawakana sanasiye kukonza mafiriji, anangolemba chikwangwani n'kuchikhoma pageti. Ndinawayankha mwaukali kuti buku si firiji. Anati n'zoona, firiji imalemera kwambiri.

Chimene chinkandiluma ndi manyazi. Anthu amati amene amadzisindikizira yekha buku ndi amene anakanidwa konsekonse. Ndipo kwa ine si bodza, ndinakanidwadi. Ndinkaona kale anzanga akulandira bukulo ndi manja awiri, akumwetulira, kenaka n'kukaliika pansi pa mwendo wa tebulo logwedera. Koma ndikaganiza zoyambiranso maimelo aja, kudikira kuja, kuti mwina wina adzandiuzenso wachibale woti ndiphe, ndinkaona kuti sindingathenso.

Loweruka lina ndinangodzuka, n'kupita kwa munthu wosindikiza.

Malo ake ali kuseri kwa masitolo ogulitsa matayala. Amasindikiza makalendala, makhadi a ukwati, mabuku a malisiti. Ukangolowa, fungo la inki ndi guluu limakulandira pakhomo. Pakona pali chimpeni chodulira mapepala chimene chikatsika pansi pamagwedezeka. Mwini wake anthu amangowatchula kuti a Mawa, chifukwa chilichonse ukawafunsa yankho lake ndi limenelo. Ndi bambo wamfupi, wa zala zakuda ndi inki, pensulo ili kukhutu nthawi zonse.

A Mawa anandifunsa kukula kwa buku, mtundu wa pepala, loyera mbee kapena lotuwirako, lomata ndi guluu kapena losoka. Ine ndinkaganiza kuti wolemba akalemba wamaliza. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti tsopano ndine zonse: wolemba ndine, wokonza ndine, wotsatsa ndine, wonyamula makatoni ndine.

Ndinapeza mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, kuti andiwerengere ndi cholembera chofiira. Anandibwezera mapepala ngati achita ngozi. Anapeza kuti thiraki ya abambo inali yobiriwira koyambirira, pakati n'kusanduka yoyera popanda woipenta. Ndinathamangira nambala ija imakhala kumbuyo kwa buku pamodzi ndi timizere. Ndinayenda m'masitolo a mabuku. Mwini sitolo wina anakana ndisanamalize kulankhula. Wina anati ndidzasiye mabuku ochepa, akagulidwa tidzaonana, ndipo anandilozera shelefu ya pansi penipeni, pafupi ndi mabuku a masamu. Ndinathokoza ngati wandipatsa nyumba.

Musaganize kuti kalatayi ikupita ku ndalama. Zimenezo ine ndi alamu anu tinakonza kale. Iwo akuti mabukuwo akapanda kugulidwa, makatoni ake tidzawayala nsalu, alendo azikhalira.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

A Mawa anandipatsa buku limodzi loyeserera, lopanda chikuto, kuti ndione zolakwika asanayatse makina. Ndinawerenga, ndinakonza, ndinawauza kuti apitirize. Koma mtima sunakhale pansi. Amayi anali asanalimve. Ndinkawazemba, poopa kuwatsegula bala. Lamlungu masana, iwo akupinda zovala pabalaza, ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo n'kuyamba kuwawerengera.

Anamvetsera osasiya kupinda. Apa ndi apo ankandidula. Anati abambo ako sankavala chipewa choterocho. Anati tsiku lometa ndevu lija anadzicheka pachibwano, osati patsaya. Pena anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya a alamu anu.

Kenaka ndinafika pamene ndinalemba kuti kuyambira tsiku limene mwanayo anachoka mpaka tsiku la imfa, bamboyo sanamutchulenso, ngati sanabereke mwana wamwamuna. Amayi anaika chovala pansi. Anati: "Apo wanama."

Ndinati amayi, ine ndinali m'nyumba momwemo, sindinawamvepo. Anati iwe unkakhala kuntchito.

Anandiuza kuti m'mawa uliwonse, ine ndikangotuluka, abambo ankawauza kuti atsegule wailesi pa siteshoni ija ya nkhani za m'mayiko. Nkhanizo analibe nazo ntchito. Ankadikira kumapeto, pamene amanena zanyengo za m'mizinda yakutali. Ikafika nthawiyo ankakweza dzanja kuti aliyense akhale chete. Akatchula mzinda umene mukukhala inuwo, ankapendeketsa mutu kuti amve bwino. Kenaka ankati: "Lero kwazizira kumeneko. Kaya mnyamata uja ali ndi jekete."

Amayi akati tiyeni timuimbire timufunse, abambo ankakana. Ankati ali pantchito, musamusokoneze. Ndipo ankawaletsa kuti asauze munthu. Anachita zimenezi mpaka sabata imene anagonekedwa m'chipatala.

Ndinafunsa amayi kuti bwanji sanandiuze nthawi yonseyi ndikulemba. Anatola chovala chija n'kupitiriza kupinda. Anati: "Sunandifunse. Iwe unkafunsa ajenti."

Lolemba m'mawa sindinapite kuntchito. Ndinathamangira kwa a Mawa, ndili ndi chikhulupiriro kuti monga mwa dzina lawo sanayambe. Achimwene, tsiku lokhalo pa moyo wawo wonse, a Mawa anachita zinthu lero. Ndili panja ndinamva makina akugunda. Nditalowa ndinaona mapepala akutuluka, akusanjikizana, bodza langa lija likuchulukana ndikuona.

Ndinakuwa kuti zimitsani. Sanamve. Ndinawagwira mkono. Anatsitsa magalasi n'kundiuza kuti mayi, makina akayamba sitiimitsa mwachisawawa, mapepala awonongeka, ndipo kodi eni ake a bukuli avomera? Anazolowera kuti wobwera ndi ntchito amakhala wotumidwa. Ndinati eni ake ndine. Wolemba ndine, wosindikiza ndine, zimitsani.

Anazimitsa. M'chipindamo munangoti zii. Mapepala owonongekawo anawakankhira pakona, akupukusa mutu. Ine ndinapempha pensulo ya kukhutu ija, ndinaima pa tebulo lawo lodulira mapepala, n'kulemba ndime ya wailesi ndi jekete chiimirire. Ndikulemba ndinkaganiza kuti bukuli likanakhala m'manja mwa kampani yakutali, ndikanaimbira ndani? Ndikanagwira mkono wa ndani?

Makinawo mpaka lero sanaligwirenso bukulo, ndipo akudikira inu.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, muwerenge. Mapepala ali m'phukusiwo ndi bukulo, ndime yatsopano ija ilimo. Amayi andiphunzitsa kuti kukhala m'nyumba imodzi ndi munthu si kumudziwa. Ngati za abambo ndinaphonya chonchi, nanga za inu amene muli kutali? Ndinalemba zimene tinkaona ife otsala: mpando wanu wopanda munthu, ndalama zikubwera koma inu osabwera, maliro kuchitika inu kulibe. Chifukwa chake sindinalembe, popeza sindikuchidziwa. Sindikukuzengani mlandu. Koma pamene ndanama, mundiuze mosapsatira, monga anachitira amayi. Mukafuna kundiuza zambiri, ndimva. Mukafuna kukhala chete, ndidziwa kumene munatengera.

Chachiwiri ndi chikuto. Wojambula wa kwa a Mawa anandionetsa zithunzi za pa intaneti: msewu wautali dzuwa likulowa, nkhalamba ina yachilendo itavala magalasi akuda. Si abambo amenewo. Munthu amene angawajambule ndi mmodzi yekha padziko pano. Ndikudziwa kuti papita zaka mukugwira burashi ya makoma, ndipo mwina pensulo munaitaya tsiku lomwe lija. Komabe ndikupempha. Jambulani chimene mukufuna, kaya manja awo pa chiwongolero, kaya nkhongo yawo mmene inkaonekera ife tikakhala kumbuyo, kaya chimene inu mukukumbuka chimene ine sindinaone. Ngakhale chikhale cha pensulo papepala wamba, mungochijambula ndi foni n'kutumiza.

Mukakana sindikwiya. Bukulo lidzatuluka ndi chikuto chopanda chithunzi, dzina lokha. Cha munthu wina sindiikapo.

Chonde musachedwe. A Mawa akuti nyengo ya makalendala yayandikira, ndipo akayamba zimenezo buku langa lidzadikira mpaka chaka chamawa. Ine ndabwereranso ku matenda anga aja, foni m'dirowa, dzanja kumangopita lokha. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amene ndikumudikira ndi wakwathu.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ateteze nyumba yanu. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chithunzi cha ana chija chili pakhoma pabalaza. Anawo muwapsompsone m'malo mwanga. Alamu anu ndi kamtsikana kanga akuti moni wambiri.

Amayi ali pompano, akundiyang'ana ndikumaliza. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Akuti moni apereka okha pa foni, koma ndilembe funso limodzi, chifukwa mwini wake anapita asanamve yankho. Akuti kodi jekete muli nayo?

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira.